Mkamwini Wosagwira Fodya

Fodya akacha m'munda sadikira munthu. Mwezi wa Malichi chaka chimenecho, m'mudzi wa Kamphinda kum'mawa kwa Madisi, aliyense wa manja awiri anali pa chigafa: ena kuthyola, ena kusoka, ena kupachika pa mikangala. Koma pa chigafa cha a Aroni Kachigunda manja ankaperewera, ndipo onse ankadziwa kuti ndi manja a ndani amene palibe.

A Nambewe, akazi a Aroni, anakhala pansi atatambasula miyendo, singano ili m'manja, zala zitada ndi utomoni wa fodya. Pambali pawo panali mwana wawo wamkulu, Sara, akusoka mutu uli pansi. Chapatali, kuseri kwa nkhokwe, mwamuna wa Sara, Langton, ankapukuta njinga yake. Anali atangofika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi kumene ankapikula mbatata ya kachewere.

"Taonani mkamwini wanga uyo," a Aroni anatero akuloza ndi mkangala. "Amadya pano, amagona pano, ana ake akukula ndi fodya yemweyu. Koma akuti tsamba ili ndi la Satana. Ndiye kuti ine, mkulu wa mpingo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndine kapitawo wa Satana!"

"Bambo, chimanga chonse chija anapalira ndi kubandira yekha," Sara anayankha motsitsa mawu.

"Ndakufunsa za chimanga ine?"

Kuyambira pamene dziko linalola zipani zambiri, mipingo nayo inaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba. Langton analowa wina umene unkapemphera m'kalasi pa sukulu ina, wa ng'oma ndi kuwomba m'manja. Mlaliki wa kumeneko ankaphunzitsa kuti aliyense wogwira fodya wataya kumwamba. Langton anakhulupirira, ndipo kuyambira pamenepo sanakhudzenso tsamba. A Aroni anamulembera mavesi papepala, osonyeza kuti munthu amapulumuka ndi chisomo, osati ndi mbewu ya m'munda. Langton analandira pepalalo ndi manja awiri, koma pa chigafa sanabwere.

"Zimenezi ndi zampatuko," a Aroni anapitiriza. "Ndatuma kale mawu kwa ankhoswe ake. Loweruka abwere adzamutenge. Ndikufuna mkamwini ngati Vinsenti. Uja ndiye munthu: tayi pakhosi, chipewa m'manja, ndipo kwawoko amaimba nyimbo za m'buku, pang'onopang'ono, mopanda ng'oma."

Sara anaponya singano pansi nathamangira m'nyumba akulira. Dzina la Vinsenti linawabaya a Nambewe pamtima. Vinsenti anakwatira mwana wawo wamng'ono, Luckness, chaka chatha, namutenga chitengwa kupita kuphiri lina la ku Ntchisi, kumalo opemphererako otchedwa Msasa wa Otsala. A Aroni ndiwo anavomereza msanga ukwatiwo, atangomva gulu la kumeneko likuimba pa chinkhoswe. Tsopano inali miyezi isanu Luckness asanaponde pakhomo. Anali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo mwana wamkazi aliyense wa m'mudzi muno amabwera kudzadikirira mwana woyamba kwa amayi ake. A Nambewe anali atazira kale kachipinda, atagula beseni ndi nsalu ziwiri zatsopano. Anatuma makalata awiri, ndipo onse anabwerera osatsegula.

Masana, a Nambewe ali kuseri akusamba m'manja ndi phulusa, anamva kutsokomola. Langton anali atagwada patali, nkhope atalozetsa kunkhokwe. M'zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wake sanalankhulepo maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi, pakuti mwambo sulola. Sara anaima pakati pawo, maso ali ofiira.

"Sara, uwauze mayi kuti ndawaona alamu anga," Langton anauza nkhokwe.

A Nambewe sanadikire kuti Sara abwereze. "Umufunse kuti wamuona kuti."

"Uwauze kuti pa chitsime cha kunsi kwa Msasa. Ndinaima ngati ndikupempha madzi. Anali ndi amayi ena awiri omuyang'anira, ndiye anandipatsa moni ngati mlendo. Koma pondipatsa chikho anandinong'oneza kuti, 'Mukawauze amayi kuti miyendo yatupa, mutu sukusiya, ndipo maso akumachita mdima.' Kusikelo sanapiteko n'kamodzi komwe. Kumeneko chipatala n'choletsedwa."

A Nambewe anabereka ana asanu ndi awiri, anaika atatu m'manda, ndipo ankadziwa chimene kutupa kotere kumatanthauza kwa mayi woyembekezera. Analowa m'nyumba manja ali ndi phulusa, napeza amuna awo atakhala pampando akuwerenga.

"Bambo a Sara, mawa tikukamutenga Luckness."

A Aroni atamva nkhani yonse anaseka mopanda chimwemwe. "Mwamva kwa ndani? Kwa uja? Waona kuti Loweruka layandikira, ndiye akufuna kupaka mnzake matope kuti iye aoneke woyera."

"Nanga makalata anga obwerera osatsegula, anawabweza ndi Langton?"

"Anthu ali pa mapemphero. Si aliyense ali ndi nthawi ya makalata."

"Nanga maliro a achimwene anga mu Disembala? Mwana wanji wosabwera kudzalira malume ake? Langton amene mukumuti wampatuko anagona pa siwa masiku awiri, ananyamula nawo bokosi. Vinsenti wanu wa tayi anali kuti?"

"Uthenga unachedwa."

"Uthenga unachedwa!" A Nambewe anawomba m'manja kamodzi. "Inu bambo, mutu wanu ndi wouma ngati chitsa cha mtsatsi. Mwaona tayi, mwamva nyimbo ya m'buku, basi mwapereka mwana. Chikomekome cha mkuyu, bambo a Sara!"

Langton anafika pakhomo nagwada kunja, Baibulo lili m'manja. "Bambo, ndiloleni ndinenepo. Mavesi munandipatsa aja ndinapita nawo kwa alaliki athu. Tinakangana mpaka iwo anavula jekete. Mavesi ena anawayankha, ena analephera, ndipo anati ndidzabwere nanu kuti tidzatsegulire limodzi. Mwina ndine wolakwa, sindikukana. Koma za alamu sindikunama. Mundithamangitse Loweruka ngati mwafuna, koma mawa tikawatenge."

"Ine ndikakhale pansi ndi woimba ng'oma? Chokani pakhomo panga!"

A Aroni anadzuka namenyetsa chitseko mwamphamvu mpaka dothi linagwa pakhoma. A Nambewe anawatembenukira.

"Pakhomo panu?" anafunsa pang'onopang'ono. "Mudzi uno ndi wa amayi anga. Inunso munabwera ndi kasutikesi ka malata ndi khasu limodzi. Mwaiwala kuti nanunso ndinu mkamwini? Ndipo atate anga ankati ndinu wampatuko chifukwa munakana kulawa mowa wa maliro. Anakuthamangitsani?"

A Aroni anabwerera pampando, nakweza buku kuphimba nkhope.

M'mawa kutacha, a Nambewe anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, namanga mpango, natuluka. Matola opita kumapiriko ankadutsa tsiku la msika lokha, ndipo iwo sakanadikira. Langton anali atakulunga thumba pa kaliyala kuti pafewe. Sara anagwira pakamwa.

"Amayi, mukwera njinga ya mkamwini? Anthu ati chiyani?"

"Anthu anene. Akatha kunena adzandibwezera mwana?"

Anakhala chammbali, manja atagwira chitsulo cha pansi pa chishalo kuti asakhudze msana wa mkamwini. Podutsa pa mjigo, amayi anasiya kupopa. Wina anakuwa, "A Nambewe, kodi ufulu wa zipani wafika mpaka pamenepa?" Onse anaseka, koma a Nambewe anangoyang'ana kutsogolo. Atafika potsetsereka pa dambo, Langton anatsokomola, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula nawo popanda wodutsiramo.

"Mayi, gwiritsitsani."

"Palasani, mwanawanga. Musaope."

Asanafike patali anamva belu kumbuyo. Anali a Aroni pa njinga yawo yakale yolira tcheni, atavala jekete ndi tayi, Baibulo atalimangirira pa kaliyala ndi mphira.

"Ndabwera kuti mukachite manyazi pamaso panga," anatero akupuma mwawefuwefu. "Mukaona nokha kuti mwana ali bwino."

Njira inali yokwera. Pena ankapalasa, pena ankatsika n'kumakankha, akudutsa minda ya mtedza ndi soya yopendekera m'mbali mwa mapiri. A Nambewe ankapemphera chamumtima. Iwo sanaphunzire za ziphunzitso ngati amuna awo, koma ankakumbukira kuti m'Malemba muli mlaliki wina wachangu amene ankadziwa njira mwatheka, ndipo banja lina silinamuthamangitse koma linamutengera kunyumba kukamulongosolera bwino. Ankakumbukiranso kuti muli mimbulu yovala ubweya wa nkhosa. Ankadabwa kuti amuna awo, owerenga tsiku ndi tsiku, angasokoneze bwanji awiriwa.

Anafika dzuwa lili pamutu. Msasa wa Otsala unali pamwamba pa chitunda, wozunguliridwa ndi mpanda wautali wa bango, wokhala ndi chipata chimodzi cha matabwa. M'kati anthu ankaimba. Inali nyimbo yakale ya m'buku, ija a Aroni ankaikonda pa Mgonero, ndipo inkaimbidwa mofatsa, mawu anayi olukana bwino. Nkhope ya a Aroni inawala.

"Mwamva? Mwamva, Nambewe? Awa ndi ampatuko awa?"

Anavula chipewa nayamba kuimba nawo ndi besi yawo. Anaimba mzere woyamba, wachiwiri, kenaka anaima pakamwa pali yasa. Pamalo pamene nyimboyo imatchula Mpulumutsi, anthu a m'katimo ankatchula Atate Yeremiya, mwini Msasawo. Ndime yachiwiri inabwera, ndipo dzina linali lomwelo.

Chipata chinatseguka pang'ono, ndipo amene anasuzumira anali Vinsenti, tayi ili pakhosi monga mwa masiku onse. Sanagwade, sanapereke moni.

"Mukufuna ndani?"

"Akamwini, ndife makolo anu," a Aroni anatero. "Tabwera kudzaona mwana wathu."

"Kuno kulibe mwana wa munthu wakunja. Onse ndi ana a Atate." Maso ake anagwera pa Baibulo limene a Aroni anali atamasula pa kaliyala. "Ndipo bukulo sililowa. Athu onse ali m'bokosi kwa Atate. Iwo ndiwo amatiwerengera chimene tiyenera kumva."

"Zipata zofunsa makhadi a chipani tinazisiya chaka chija," a Nambewe anatero, nakankha chitsekocho ndi phewa. Vinsenti sanayembekeze kuti mayi wachikulire angatero, ndipo anadzandira. Onse atatu analowa.

Nyimbo inaduka. Anthu ngati makumi asanu anali atakhala pansi pabwalo, amuna mbali ina, akazi mbali ina. Patsogolo, pampando wa ndalema pansi pa mtengo, panakhala bambo wonenepa bwino wa ndevu zopesa, atavala suti yoyera. Anamwetulira ngati wakhala akuwadikira.

"Alekeni," anatero mofatsa. "Ndinaonetsedwa kale kuti abwera. Itanani mwana wanga."

Amayi awiri anatuluka naye Luckness m'kanyumba ka udzu. A Nambewe anangotsala pang'ono kukuwa. Nkhope ya mwana wawo inali yotupa mpaka maso kuchepa, ndipo ankayenda ngati akuponda minga. Anagwada movutikira pamaso pa Yeremiya, osayang'ana makolo ake.

"Mwana wanga, anthu awa ukuwadziwa?"

"Ndilibe mayi kapena bambo pa dziko," Luckness anayankha ngati mwana wa sukulu woloweza. "Ndili ndi Atate amene anandibala mwatsopano."

A Aroni anapita patsogolo, Baibulo atalitsegula kale. "Bambo, ine ndine mkulu wa mpingo. Tiyeni tikhale pansi titsegule Malemba. Mundionetse pamene palembedwa kuti mwana akane amayi ake, kuti wodwala asapite kuchipatala, kuti dzina lanu lilowe m'malo mwa dzina la Ambuye."

Yeremiya anaseka pang'ono. "Bukulo linali nyali ya usiku, madala. Dzuwa likatuluka, nyali imazimitsidwa. Ine sindikangana ndi munthu. Kuno safunsa, amamvera."

"Koma ngakhale atumwi ankalola anthu kufufuza ngati zimene akunena zili zoona!"

"Atumwi anagona. Ine ndili pano."

A Aroni anayang'ana uku ndi uku, kufuna munthu mmodzi yekha amene angadabwe ndi mawu amenewo. Panalibe. Onse anaweramitsa mitu. Maso awo anakumana ndi a Langton, amene anaima kumbuyo atagwira njinga, ndipo a Aroni ndiwo anayamba kuyang'ana pansi.

A Nambewe sanataye nthawi ndi mikangano. Anakhala pansi pa dothi pafupi ndi mwana wawo, nakoka mwendo wake kuuika pamiyendo pawo. Anadina chala chachikulu pa kakolo, nachichotsa. Dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

"Ukuti ulibe mayi," anatero misozi ikutsika. "Chabwino. Koma mwendo uwu ndinausambitsa ine, ndinauchotsa matekenya ine, ndipo ndikuudziwa. Uwu si mwendo wa munthu woti agone kuno usiku wina. Luckness, kachipinda ndinazira. Beseni ndinagula. Tiye kwathu."

"Amayi," Luckness ananong'ona, "ndikuopa."

"Uwauze chimene ukuopa," Yeremiya anatero, ndipo kumwetulira kunali kutachoka. Anaimirira nakweza mawu kuti onse amve. "Wotuluka pa chipata icho wachoka m'dzanja langa. Iye ndi chimene wanyamula sadzaona mwezi wa mawa, ndipo dzina lake ndilifafaniza kumwamba."

Luckness anagwira mimba yake ndi manja onse awiri nayamba kulira mokweza. Pamenepo a Aroni anachita chimene a Nambewe sanachionepo m'zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo. Anagwada pa dothi, ndi buluku lawo la ku tchalitchi, pamaso pa mwana wawo.

"Mwana wanga, wolakwa ndine. Ndinakupereka kuno ndi manja angawa chifukwa cha tayi ndi nyimbo. Sindinafunse kuti akuimbira ndani. Munthu uyu alibe cholembera cha kumwamba. Dzina lako analilemba ndi Iye amene anakhetsa mwazi, ndipo palibe wolifufuta. Koma ngati pali tsoka pa chipata icho, ligwere ine amene ndinakulowetsa."

Anadzuka, napita pa chipata, nachitsegula chonse, naima pomwepo msana atautsamiritsa pa thabwa kuti chisatsekeke.

Luckness anapukuta maso. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana mayi ake, kenaka anatembenukira kwa Yeremiya.

"Atate, ndifunse chinthu chimodzi."

"Kuno safunsa."

"Mnzanga Roza anamvera zonse," Luckness anapitiriza, mawu akukwera. "Tinkagona nyumba imodzi. Anatupa ngati ine, anapempha chipatala, inu munati asale kudya masiku atatu. Anasala. Munamuika kuseri kwa mpanda uko ndi mwana wake m'mimba, ndipo amayi ake mpaka lero sakudziwa. Roza sanatuluke pa chipata. Nanga anafa bwanji ali m'dzanja lanu?"

Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima.

"Anakayika mumtima," Yeremiya anayankha.

"Ndiye kuti ndikakhala ndifa, ndipo mudzati ndinakayika. Ndikatuluka mukuti ndifa." Anagwira phewa la amayi ake nadzikoka kuimirira. "Ndikafere m'manja mwa amayi anga."

Langton anali atafika kale ndi njinga. Anathandizana ndi a Nambewe kumukweza pa kaliyala. Vinsenti anathamanga nagwira chiwongolero.

"Ndi mkazi wanga uyu!"

"Inde, mnzanga, ndi mkazi wako," Langton anatero osakweza mawu. "Ndipo mwanayo ndi wako. Sitikukulanda. Tiye limodzi, ukankhe ndiwe njingayi."

"Vinsenti, tiye," Luckness anamupempha akulira. "Chonde, tiye."

Vinsenti anayang'ana mkazi wake, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inakhala ya mnyamata uja anabwera kudzafunsira mbeta. Kenaka anacheuka kuyang'ana kumpando wa ndalema, kudikira chilolezo. Yeremiya anapukusa mutu kamodzi. Manja a Vinsenti anamasuka pa chiwongolero, nabwerera m'mbuyo.

Anatuluka. A Aroni anachoka pa chipata pomaliza, ndipo chinamenyetsedwa kumbuyo kwawo, mpiringidzo n'kugwa.

Kutsika phiri kunali kovuta. Langton ankakankha, a Aroni atagwira kumbuyo kuti njinga isathamange, a Nambewe akuyenda pambali atamukumbatira mwana m'chiuno. Kawiri konse Luckness anati maso achita mdima, ndipo kawiri konse a Aroni anayamba nyimbo ija ya pa Mgonero, akutchula dzina loyenera mwamphamvu, ngati munthu amene akuchapa chovala chimene chinagwera m'matope. Pa msewu waukulu Langton anaima pakati pa njira manja ali m'mwamba mpaka lole ya mbatata inaima. Dzuwa lisanalowe anali pa chipatala cha ku Madisi.

Namwino atamuyeza anayang'ana a Nambewe mokwiya. "Munali kuti masiku onsewa, mayi? Magazi akuthamanga koopsa. Mukanagona naye kunyumba, mawa tikanamva zina."

A Nambewe anangokhala pa benchi nalira mpaka mpango unanyowa.

Loweruka linafika, ndipo ankhoswe a Langton anabwera monga anaitanidwira. Anapeza a Aroni ali pa chigafa okha. Anawalandira, anawaphera nkhuku, nawauza kuti anawaitana molakwitsa. Sara anamasula mtolo wa zovala za mwamuna wake umene anali ataumanga akulira Lachinayi.

Patatha milungu itatu a Nambewe anabwerera kumudzi ndi Luckness ndi kamwana kakakazi, kakang'ono ngati botolo koma kolira ngati kakulu. Mwezi umene Yeremiya ananena unali utaoneka kale, ndipo unali ukukula. Abusa a mpingo wa a Aroni anali atapita kale kwa amayi ake a Roza kukawauza za mwana wawo, ndipo nkhani ya manda a kuseri kwa mpanda inali itafika kwa oyenera kuimva.

Madzulo a tsiku limenelo a Nambewe anali m'kachipinda kaja akusambitsa mdzukulu m'beseni latsopano, pamene anamva mawu pakhonde. Anasuzumira pa zenera. A Aroni anali pampando, Langton pa mphasa, Mabaibulo awiri ali otsegula pakati pawo.

"Musaganize kuti nkhani ya fodya yatha, akamwini," a Aroni ankanena. "Mukulakwabe. Ngati mtima wanu sukufuna fodya, musagwire, limani chimanga, munda wa kudambo uja ndakupatsani. Koma kunena kuti wogwira tsamba wataya kumwamba, pamenepo ndiye mwawonjezera pa mtanda chinthu chimene Ambuye sanaikepo."

"Vesi lachitatu lija sindinaligonjere, bambo."

"Mudzaligonjera. Lamlungu masana ndipita nanu kwa mlaliki wanuyo. Mumuuze akonzeke, avuliretu jekete."

"Mukapirira ng'oma?"

"Ndikatseka khutu limodzi." Kenaka a Aroni anapitiriza ndi mawu otsika. "Ndinakutchulani dzina lolakwika, mwana wanga. Inu mwapunthwa pa vesi, koma buku lili m'manja mwanu, Mbusa wanu ndi wanga yemwe, ndipo mukapita kopemphera mumabwerako. Wotero timakangana naye pakhonde. Kuphiri kuja anachotsa Mbusa, anatsekera buku m'bokosi, anatsekera anthu mumpanda. Ine ndinkathamangitsa nkhosa yotsimphina, mmbulu ndikuupatsa mwana."

Langton anapukuta m'maso ndi chikhatho.

Mphepo ya kumapiri inayamba kuzizira, ndipo Sara anabwera kuti atseke chitseko chifukwa cha khanda. Luckness, ali pa mphasa m'katimo, anali akuyang'ana kunja, kunjira yochokera ku Ntchisi, monga ankachitira tsiku lililonse kuchipatala. A Nambewe anaona, ndipo anaona kuti amuna awonso aona.

A Aroni anadzuka, natola mwala pansi pa khonde, nauika pa chitseko chija anachimenyetsa tsiku lija.

"Mwanayo mumufunditse bulangeti," anatero. "Chitseko chisiyeni. Mkamwini wanga mmodzi sanafike."